NDEMANGA: Wogula ng'anjo ya nyukiliya agulanso bwana

Magetsi a nyukiliya, amene ambiri adawalira kale maliro ngozi ya ku Fukushima itachitika mu 2011, adzukanso. Mu Disembala 2023, pa msonkhano wa zanyengo ku Dubai, maiko oposa 20 adalonjeza kuti pofika chaka cha 2050 magetsi a mtundu umenewu adzakhala atachuluka katatu pa dziko lonse lapansi. Mu Juni 2025 banki ya World Bank, imene chiyambire idaperekapo ngongole ya ntchito yotere kamodzi kokha ku Italy mu 1959, idachotsa chiletso chake nkunena kuti tsopano ili yokonzeka kuthandiza. Ndipo kuno kwathu, mu Ogasiti chaka chomwecho, mgodi wa Kayelekera ku Karonga udayambanso kutulutsa yureniyamu utagona zaka 11.

Amalonda a ng'anjo za nyukiliya ali kalikiliki kugogoda m'malikulu a maiko a mu Africa, ndipo nduna zikusaina mapepala a ubale zikumwetulira. Tsono nkoyenera kuti awerengi athu adziwe chimene chikugulitsidwa pa msika umenewu. Maganizo athu ndi akuti dziko logula ng'anjo ya nyukiliya limadzimangirira ku dziko loigulitsa kwa zaka pafupifupi 100, ndipo nsonga ya chingwecho imakhala m'manja mwa wogulitsayo. Malonda otere ndi ndale za pakati pa maiko, choncho sayenera kuchitikira m'chipinda chotseka.

Tiyambe ndi kuyamika choyenera kuyamikidwa. Ng'anjo ya nyukiliya ndi mphika waukulu wachitsulo m'mene yureniyamu imawiritsa madzi popanda moto kapena utsi, ndipo nthunzi yake imazunguza makina opanga magetsi usana ndi usiku, kaya kuli chilala kaya dzuwa labisala. Lero pali ng'anjo zoposa 400 m'maiko pafupifupi 30, ndipo zimapereka pafupifupi 9 peresenti ya magetsi a pa dziko lonse, kutsika kuchokera pa 17 peresenti mu 1996. Dziko la France, litakhaula ndi kukwera mtengo kwa mafuta mu 1973, lidamanga ng'anjo zambirimbiri, moti magawo awiri mwa atatu a magetsi ake amachokera kumeneko. Ngozi za ku Chernobyl mu 1986 ndi ku Fukushima zidasamutsa anthu zikwizikwi m'midzi mwawo, koma tikawerenga mosakondera, utsi wa malasha wapha anthu ochuluka kutalitali kuposa ng'anjo za nyukiliya. Amene amakonda magetsi amenewa sapenga ai.

Vuto lili pa chiyambi chake. Ntchito imeneyi idabadwira ku nkhondo, ndipo magetsi adabwera pambuyo pa bomba. Pa 8 Disembala 1953, Pulezidenti Dwight Eisenhower wa America adauza msonkhano wa United Nations kuti dziko lake lili lokonzeka kugawana ndi maiko ena nzeru za nyukiliya pa ntchito zamtendere. Mau adali okoma, koma idali nthawi ya kukokana pakati pa America ndi Soviet Union, ndipo mbali iliyonse idayamba kupereka ting'anjo tophunzirira kwa abwenzi ake monga momwe mfumu imagawira minda kwa oigwadira. Bungwe loyang'anira za nyukiliya la IAEA lidakhazikitsidwa ku Vienna mu 1957, ndipo pangano loletsa kufalitsa zida za nyukiliya lidasainidwa mu 1968 nkuyamba kugwira ntchito mu 1970. Mfundo yake njakuti maiko asanu amene adali kale ndi mabomba, America, Soviet Union, Britain, France ndi China, akhale nawo kufikira adzagwirizane zowathetsa, pamene ena onse alumbire kuti sadzapanga bomba ndipo alole kuyenderedwa, kuti nawo apatsidwe mwayi wa nyukiliya yamtendere.

Malamulo amenewa amakhwima kapena kufewa malinga ndi amene akugogoda. Dziko la India lidaphulitsa bomba lake loyamba mu 1974 pogwiritsa ntchito zotuluka m'ng'anjo imene lidalandira kuchokera ku Canada pa ntchito zamtendere, ndipo maiko ogulitsa adakwiya nkupanga gulu lawo loletsa malonda otere. Koma mu 2008, America itafuna ubwenzi wa India, gulu lomwelo lidatsegulira India chitseko ngakhale kuti dzikolo silidasainepo pangano la 1968. Ku Iran, ng'anjo yoyamba yophunzirira idaperekedwa ndi America mu 1967, nthawi imene Shah adali bwenzi la pamtima, ndipo ya ku Bushehr adaiyamba ndi Majeremani mu 1975, nkudzaimaliza anthu a ku Russia mu 2011. Mu Juni 2025 America yemweyo pamodzi ndi Israel adaponya mabomba pa malo a nyukiliya a ku Fordow, Natanz ndi Isfahan. Kufupi ndi kwathu kuno, makampani a ku France adalandira kontirakiti yomanga Koeberg pafupi ndi Cape Town mu 1976, chaka chomwe ana asukulu ankaomberedwa ku Soweto. Anzathu amene mudakhalako kunja masiku amenewo mukukumbuka kuti asilikali a Umkhonto we Sizwe adaphulitsa mabomba pa malowo mu Disembala 1982 ntchito isanathe. Maboma amagwa, maubwenzi amatha, koma ng'anjo imatsala pomwepo.

Nanga chingwe chimene tikunenachi chili pati? Chili pa mafuta a ng'anjo. Yureniyamu yokumbidwa pansi siyaka yokha m'ng'anjo zambiri za masiku ano, chifukwa kachigawo kake kamphamvu ndi kochepera 1 peresenti. Imayenera kuyengedwa kufikira kachigawoko katakwera pakati pa 3 ndi 5 peresenti, kenaka nkuumbidwa timibulu tolowa m'timipope tachitsulo topangidwa molingana ndi ng'anjo ya kampani imene idamanga. Makina oyengerawo ndi omwewonso amene, akapitiriza kuzungulira kufikira 90 peresenti, amatulutsa yureniyamu ya bomba, nchifukwa chake eni ake amawasunga ngati mankhwala a m'nsupa. Pafupifupi ntchito yonse yoyenga yureniyamu yogulitsa ili m'manja mwa makampani anayi: Rosatom ya boma la Russia, imene yokha ili ndi pafupifupi 40 peresenti, Urenco ya Britain, Netherlands ndi Germany, Orano ya France, ndi CNNC ya boma la China. Kumanga ng'anjo kumatha kutenga zaka 10 kapena kuposerapo, kuigwiritsa ntchito zaka 60, kuiphwasula zaka zina makumi angapo, ndipo zinyalala zake zimakhala zoopsa kwa zaka zikwizikwi. Nthawi yonseyi wogula amabwererabwerera kwa wogulitsa kukapempha mafuta, zipangizo ndi akatswiri.

Maiko a azungu, amene adayambitsa malondawa, akuvutika kumanga ngakhale kwawo komwe. Ng'anjo ziwiri za ku Vogtle m'chigawo cha Georgia ku America zidatha mu 2023 ndi 2024, zitachedwa zaka 7 ndipo zitadya madola oposa 30 biliyoni, kuwirikiza kawiri mtengo wolonjezedwa, ndipo kampani ya Westinghouse idagwa mu ngongole mu 2017 ntchito ili mkati. Ya ku Flamanville ku France adaiyamba mu 2007 nkulonjeza kuti itha mu 2012, koma idayamba kupereka magetsi mu Disembala 2024 itadya ndalama zochuluka pafupifupi kanayi. Germany idatseka ng'anjo zake zitatu zomaliza mu Epulo 2023. China ndiyo ikumanga pafupifupi theka la ng'anjo zonse zimene zili mkati momangidwa, zambiri kwawo komweko, ngakhale idamangiranso bwenzi lake Pakistan. South Korea idaonetsa luso pomanga ng'anjo zinayi ku Barakah m'dziko la United Arab Emirates, koma dzikolo lidayamba lalonjeza America mu 2009 kuti silidzayenga lokha yureniyamu.

Amene wagwira msika wa kunja ndi Russia, ndipo njira yake njosavuta kuimvetsa: amabwera ndi zonse m'thumba limodzi, ngongole, amisiri, mafuta ndi maphunziro. Ku El Dabaa m'dziko la Egypt, kumene ntchito yomanga ng'anjo zinayi idayamba mu 2022, Russia idalonjeza ngongole ya madola 25 biliyoni ndi mafuta a zaka 60. Ku Rooppur m'dziko la Bangladesh ngongole yake ndi ya madola oposa 11 biliyoni. Ku Akkuyu m'dziko la Turkey, pa pangano la 2010, Rosatom ndiyo imanga, ndiyo mwini wake, ndiyonso iziyendetsa, ndipo Turkey izingogula magetsi pa mtengo wogwirizana kale kwa zaka 15. Ganizani, abale, dziko la m'gulu lankhondo la NATO kukhala ndi ng'anjo za boma la Russia pa gombe lake. Achinyamata mazanamazana a maiko amenewa amatengedwa kukaphunzira ku Russia, ndipo inu amene mudaphunzira ku Moscow kapena ku London nthawi yothawa kwanu mukudziwa bwino kuti kumene munthu adasulidwa ndi kumene amathamangira akasowa nzeru.

Zipatso za ubale wotere zidaoneka Russia italowa m'dziko la Ukraine mu Febuluwale 2022. Maiko a ku Ulaya adaika zilango pa malasha, mafuta ndi mabanki a Russia, koma pa nyukiliya dzanja lidanjenjemera. Hungary, imene mu 2014 idapatsa Rosatom ntchito ya ku Paks popanda mpikisano pa ngongole ya mayuro 10 biliyoni, idanena poyera mu 2023 kuti idzakana chilango chilichonse chokhudza nyukiliya. Ngakhale America yeniyeniyo idapezeka ikugula ku Russia pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a yureniyamu yoyengedwa ya ng'anjo zake. Lamulo loletsa malondawa lidasainidwa mu Meyi 2024, koma lidasiya mpata woti makampani azigulabe mwa chilolezo chapadera mpaka kutha kwa 2027, ndipo mu Novembala 2024 Russia nayo idabwezera poika malire pa zotumiza ku America. Ngati dziko lolemera ngati limenelo lidalephera kudula chingwe tsiku limodzi, nanga dziko losauka lokhala ndi ng'anjo imodzi ndi ngongole ya zaka makumi awiri lidzalankhula chiyani pa msonkhano wa United Nations mwini ngongole akalakwa? Nkhondo yomweyo idatiphunzitsanso china: mu Malichi 2022 asilikali a Russia adalanda siteshoni ya Zaporizhzhia, yaikulu kuposa zonse ku Ulaya, ndipo ng'anjo idasanduka chikole cha nkhondo.

Africa yakhala mu malonda amenewa chiyambire, koma kumunsi kwa makwerero. Yureniyamu yambiri ya mabomba oyamba a America mu 1945 idakumbidwa ku Shinkolobwe m'dziko la Congo, eni nthaka osadziwa kanthu. Dziko la Niger lakhala likukumba yureniyamu ku Arlit kuyambira 1971, yambiri yopita ku France, koma pamene asilikali ankalanda boma mu Julayi 2023, anthu ake ambiri adali asanaonepo babu ikuyaka m'nyumba mwawo, ndipo magetsi ochuluka a dzikolo ankagulidwa ku Nigeria, imene idawadula nthawi yomweyo. Mu Juni 2025 boma la asilikalilo lidalanda mgodi wa Somaïr kwa kampani ya Orano, uku likukulitsa ubwenzi ndi Russia. Sitikuombera m'manja olanda boma ndi mfuti, ndipo kusintha bwana sikumasuka. Tikungoonetsa kuti wokumba amadya makombo, pamene phindu ndi ulamuliro zili kwa woyenga ndi womanga.

Phunziro lofunika koposa latichokera ku South Africa. Dziko limeneli lidapanga mabomba asanu ndi limodzi mobisa, lidawaphwasula lokha, ndipo Pulezidenti F.W. de Klerk adaulula zimenezi mu Malichi 1993. Koma chizolowezi chobisa sichidathe ndi tsankho. Mu Seputembala 2014 boma la Jacob Zuma lidasaina pangano ndi Russia lotsegula njira yomangira ng'anjo za megawati 9,600, zimene akatswiri ankati zikadadya ndalama zokwana 1 thiriliyoni randi. Nduna ya zachuma, a Nhlanhla Nene, adachotsedwa pa udindo mu Disembala 2015, ndipo mu 2018 adauza bungwe lofufuza la Zondo kuti adakana kusaina kalata yomangirira chuma cha dziko ku ntchitoyo. Amene adaimitsa zonsezi ndi amayi awiri, Makoma Lekalakala ndi Liz McDaid, pamodzi ndi mabungwe awo ang'onoang'ono, amene adatengera boma ku khoti. Mu Epulo 2017 bwalo lalikulu la milandu ku Cape Town lidagamula kuti panganolo lidaphwanya malamulo, chifukwa Nyumba ya Malamulo siidapatsidwe mpata wolivomereza ndipo anthu sadafunsidwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zambia idasaina mapepala ndi Rosatom mu 2016 ndi 2018 ofuna kumanga malo a kafukufuku ku Chongwe, Burkina Faso idasaina ake mu 2023, ndipo maiko ena angapo ali pa mzere.

Kodi Malawi nayo ithamangire? Tisanamizane. Ng'anjo imodzi yokha ya ku El Dabaa ndi ya megawati 1,200, kuposa kutali magetsi onse amene dziko lino limapanga ku Nkula, Tedzani, Kapichira ndi malo ena onse titawaphatikiza. Akatswiri amalangiza kuti makina amodzi asamasenze koposa gawo limodzi mwa magawo khumi a magetsi a dziko, chifukwa tsiku limene aima, dziko lonse limagwa mu mdima. Ife tidalawako zimenezi mu Januwale 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira nkutichotsera megawati 130 kwa chaka chathunthu ndi miyezi. Amalonda adzatiuza za ting'anjo ting'onoting'ono tamakono, amati ndi toyenera maiko osauka. Ting'anjo totere tikugwiradi ntchito ku Pevek m'dziko la Russia ndi ku Shidaowan ku China, koma ntchito yoyamba ya kampani ya NuScale ku America idalephereka mu Novembala 2023 mtengo utakwera ndipo ogula atathawa. Olemera ayambe ndiwo kuyesa, ife tione. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Malo athu enieni pa msika umenewu ndi Kayelekera, ndipo pamenepo ndi pamene maso athu ayenera kukhala. Pangano loyamba lidasainidwa mu 2007 ndi kampani ya Paladin ya ku Australia, boma nkutenga masheya 15 peresenti. Mgodi udatsegulidwa mu 2009, ndipo udaima mu 2014 mtengo wa yureniyamu utagwa kaamba ka ngozi ya ku Fukushima. Chivomezi cha ku Japan chidachotsa ntchito anthu a ku Karonga. Mu 2015 bungwe la ActionAid lidatulutsa lipoti lonena kuti dziko lino lidataya madola 43 miliyoni m'zaka 6 chifukwa cha misonkho yochepetsedwa ndi njira zina zotulutsira ndalama kunja, ngakhale kampaniyo idatsutsa. Kampani ina ya ku Australia, Lotus Resources, idagula mgodiwu mu 2020, ndipo pangano latsopano lidasainidwa mu 2024. Yureniyamu ya ku Karonga imayatsa magetsi m'mizinda ya kutsidya kwa nyanja, pamene Amalawi ambiri akuunikabe ndi tochi ndi koloboyi. Sitikuti mgodi utsekedwe ai. Tikuti mwini nkhokwe ayenera kudziwa mtengo wa chimanga chake.

Choncho tikupempha zinthu zinayi, ndipo tikuzipempha kwa boma lililonse limene lingakhale pa mpando. Choyamba, pepala lililonse la ubale pa za nyukiliya limene nduna ingasaine ndi Russia, China, America, France kapena South Korea, ngakhale litatchedwa la kumvana chabe, liperekedwe ku Nyumba ya Malamulo ndipo lisindikizidwe kuti aliyense aliwerenge. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Chachiwiri, chaka ndi chaka anthu auzidwe m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Kyangonde kuchuluka kwa yureniyamu yotuluka, dziko limene yapita, ndi ndalama zimene zalowa m'thumba la boma. Chachitatu, bungwe loyang'anira za nyukiliya limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 lipatsidwe ndalama, zipangizo ndi akatswiri akeake oyeza madzi a m'mitsinje yotsikira ku nyanja, kuti lisamadalire zoyeza za kampani imene likuiyang'anira. Chachinayi, ndalama zodzakonzera malowo mgodi ukadzatsekedwa zisungidwe pa malo odziwika, chifukwa makampani amagulitsana nkuchoka, koma zinyalala za mgodi zimatsalira adzukulu.

Maiko a mu Africa adagwirizana pa pangano la Pelindaba mu 1996 kuti kuno kusadzakhale bomba la nyukiliya, ndipo adachita bwino. Chimene chatsala ndi kuphunzira kukambirana mtengo ndi maiko amphamvu maso ali gwa, pa bwalo, anthu akumva. Pulezidenti wosaina pangano la ng'anjo amakhala pa mpando zaka 5 kapena 10, pamene obweza ngongole yake ambiri sanabadwe nkomwe. Safunsa adadya phula. Aphungu athu afunse, atolankhani afunse, mafumu a ku Karonga afunse, ndipo boma liyankhe lisanagwire cholembera.